PHUNZIRO: ANTCHITO OBISIKA A MU UBONGO NDI NTHENDA YA MISALA



Palibe mudzi kuno kwathu umene sudziwa nthenda ya misala. Mnyamata amene adali wanzeru pa sukulu, waulemu kwa akulu, wolimbika pa khasu, afika zaka 19 kapena 22, ndipo ayamba kusintha. Adzipatula kwa anzake, aleka kusamba, alankhula yekha, amva mawu a anthu amene ife sitiwaona, akana nsima ya mayi wake poganiza kuti athiramo mankhwala. Pamenepo mudzi wonse ufunsa funso limodzi lokha: "Ndani wachita zimenezi?" Ena aloza gogo wokalamba, ena aloza malume amene malonda amuyendera bwino, nati wakhwimira mwana. Koma liripo funso lina limene sitilifunsa kawirikawiri, ndilo ili: "Kodi chavuta n'chiyani m'thupi mwa mwanayu?" Phunziro lathu la lero layima pa funso limeneli.

Tiyambe ndi kulekanitsa zinthu. Si misala yonse ili nthenda imodzi. Munthu angathe kubwebweta chifukwa cha malungo aakulu, kapena nthenda youmitsa khosi, kapena kachasu, kapena atangogwa khunyu. Imene tikunena pano ndi ina, yokhalitsa, imene madokotala aitcha schizophrenia. Dzinali adalipanga dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, m'chaka cha 1908. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2022 kuti odwala nthendayi alipo pafupifupi 24 miliyoni, ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 300. Tsono werengani nokha: pa anthu 3,000 tingayembekeze odwala ngati 10. Ipezeka kwa azungu, kwa amwenye, kwa Angoni ndi Achewa, ngakhale m'maiko amene anthu ake sadamvepo za nyanga kapena chithumwa.

Mawaya ndi chokutira chake

Monga nyumba imangidwa ndi njerwa, thupi lathu lamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Mu ubongo wa munthu muli maselo a mitsempha okwana ngati 86 biliyoni. Selo lililonse lili ndi ulusi wake wautali umene lipititsiramo uthenga kwa anzake, ndipo uthengawo uyenda mwa mphamvu yonga ya magetsi. Masiku ano ambiri mwa inu muli ndi sola pa denga, ndipo mudziwa kuti waya wabwino akhala wokutidwa ndi mphira. Mphira ukasupuka, babu ithima-thima. Mawaya a mu ubongo nawonso ali ndi chokutira chawo, cha mafuta oyera, chimene dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, adachitcha myelin mu 1854. Amene mudaphapo mbuzi ndi kung'amba ubongo wake mudaona kuti kunja uli wotuwa koma m'kati uli woyera. Kuyerako ndiko mawaya okutidwa aja.

Chokutirachi chifulumizitsa uthenga modabwitsa. Mu ulusi wosakutidwa uthenga uyenda ngati mita imodzi pa sekondi, liwiro la munthu wopita kumunda. Mu ulusi waukulu wokutidwa bwino ungathe kuyenda mamita 100 pa sekondi, liwiro loti palibe galimoto ya pa msewu wa Mchinji ndi Lilongwe ingalifike. Komatu chachikulu si liwiro lokha ayi. Chachikulu ndi chakuti mauthenga ochokera mbali zosiyana afike pa nthawi yake. Inu otsogolera kwaya mudziwa: oimba angakhale onse a mawu abwino, koma a besi akachedwa pang'ono pokha kulowa, nyimbo yonse isokonekera. Chimodzimodzi maganizo a munthu. Kuti ine ndizindikire kuti liwu limene ndikumva m'mutu mwanga ndi ganizo langa lomwe, osati munthu wina wondilankhula, pafunika kuti mbali ya ubongo yopanga mawu ndi mbali yakumva zigwirizane pa nthawi. Akatswiri ena aganiza kuti kuphonyana kotere ndi gawo la chifukwa chimene odwala amvera mawu.

Nanga akuta mawayawo ndani? Alipo maselo ena a ntchito imeneyi. Adawaona bwino poyamba ndi katswiri wa ku Spain, Pío del Río Hortega, m'chaka cha 1921, ndipo lero atchedwa oligodendrocyte, dzina la Chigriki lotanthauza selo la nthambi zochepa. Ife tingowatcha maselo okuta. Selo limodzi lotere litambasula manja ake ku mawaya makumi angapo, ndi kukulunga lililonse kambirimbiri, monga tikulunga mphira pomanga katundu pa njinga.

Mbande za panazale

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Maselo okutawa sabadwa ali okhwima. Achokera ku timaselo tina tating'ono timene akatswiri atitcha mwachidule OPC, ndiko kunena kuti makolo a maselo okuta. Kwa ife alimi a fodya fanizo lili pafupi. Mlimi wochenjera sawokera mbande zonse za panazale tsiku limodzi. Asiya zina zoti adzapakize pamene zoyamba zafa ndi dzuwa kapena chiswe. Timaselo ta OPC ndi mbande zotsala zija.

Mu 1983 akatswiri atatu ku London, Martin Raff, Robert Miller ndi Mark Noble, adatipeza timaseloti mu mtsempha wa diso wa ana a makoswe. Poyamba anthu adayesa kuti ntchito yake ithera ku ubwana. Koma mu 1986 kudaoneka kuti tilipo ndithu ngakhale mwa nyama zazikulu, ndipo lero tidziwa kuti mu ubongo wa munthu wamkulu maselo pafupifupi 5 mwa 100 alionse ndi mbande zimenezi. Zamwazika ubongo wonse, iliyonse ndi kadera kake. Imodzi ikakhwima kapena ikafa, ina yoyandikana nayo igawika pawiri kuti malo asakhale opanda mwini.

Chodabwitsa china chidaoneka mu 2000, pamene Dwight Bergles ndi anzake ku America adapeza kuti maselo a mitsempha atumiza uthenga mwachindunji kwa mbandezi. Ndiye kuti mbande imvetsera. Idziwa waya amene agwira ntchito kwambiri, ndipo ikhwima kuti imukute. Mu 2014 gulu la William Richardson ku London lidayesa zimenezi pa mbewa. Adazipatsa gudumu lothamangamo limene makwerero ake adali otalikirana mosiyanasiyana, kotero kuti mbewa idayenera kuphunzira kapondedwe katsopano. Mbewa wamba zidaphunzira. Koma mbewa zimene mbande zake adazitsekereza kuti zisakhwime zidavutika kuphunzira, ngakhale kuti chokutira chake chakale chidali bwinobwino. Tsono kuphunzira luso latsopano kufuna kukuta kwatsopano.

Ntchito yokutayi iyamba mwana ali m'mimba, ikula kwambiri m'zaka ziwiri zoyamba, koma siitha msanga. Mbali imene imalizidwa pomaliza ndi ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, kumene kukhala kulingalira, kudziletsa ndi kukonza za mawa. Kumeneko ntchito ipitirira mpaka munthu adutse zaka 20. Taonani tsono kuti zaka zomwezi ndizo zimene nthenda ya schizophrenia ionekera, kwa anyamata msanga pang'ono kuposa kwa atsikana. Kukumana kwa nthawi kumeneku n'kumene kudachititsa akatswiri kuyang'anitsitsa maselo okuta.

Zimene zapezeka mwa odwala

Umboni wabwera ndi njira zingapo. Mu 2001 akatswiri a ku New York adapima ubongo wa odwala amene adamwalira, napeza kuti malangizo achibadwa opangira myelin adali kugwira ntchito mofooka kuseri kwa chipumi. Mu 2003 ena a mumzinda womwewo adawerenga maselo okuta m'dera lina la kutsogolo, napeza kuti mwa odwala adali operewera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena kuposa pang'ono. Mu 2015 ofufuza a ku Massachusetts adaona chinthu chofunika kuchisunga: mbande zenizenizo sizidachepe ayi, koma zidaoneka kuti sizikhwima bwino. Nazale ili yodzaza, koma kumunda kuli mipata. Ndipo mu 2018 gulu la akatswiri a maiko ambiri lidayerekeza zithunzi za ubongo wa anthu amoyo oposa 4,000, odwala ndi osadwala, nipeza kuti mbali yoyera ija ili yosiyana pang'ono mwa odwala pafupifupi ponseponse.

Kuyesa kumene kundikhudza ine kwambiri ndi kwa mu 2017, kwa gulu la Steven Goldman wa ku Rochester ndi Copenhagen. Iwo adatenga maselo a pakhungu la odwala amene nthenda idawayamba akali ana, nawasandutsa mwa luso la masiku ano kukhala mbande za mu ubongo, nawaika mwa ana a mbewa. Mbewa zina adaziika mbande zochokera kwa anthu osadwala. Zoyambazo zidakula ndi chokutira choperewera, zamantha, zosakonda zinzake, zosagona bwino. Zinazo zidakula bwino. Pamenepo palibe mfiti idafikapo. Chilema chidayenda ndi maselo.

Koma ndisakunamizeni kuti nkhani yathera pomwepa. Mbewa si munthu, ndipo mbewa siingatiuze ngati ikumva mawu. Ndiponso kafukufuku wamkulu wa za chibadwa wa mu 2022, amene adapeza malo 287 m'malangizo achibadwa okhudzana ndi nthendayi, adaloza makamaka ku maselo a mitsempha ndi polumikizira pake. Kuona kwanga ndi kwakuti sitiyenera kusankha pakati pa waya ndi chokutira chake, pakuti taona kale kuti ziwirizi zilankhulana: waya akafooka, mbande siimva kuitana, chokutira chikaperewera, waya atumiza uthenga wochedwa. Nthendayi ili ndi mizu yambiri. Mtundu uli nawo mbali yake, ngakhale kuti ana ambiri a odwala sadwala konse. Zovuta za pa mimba ndi pobadwa zili ndi mbali yake. Chamba nachonso, makamaka chosutidwa kwambiri pa unyamata pamene ntchito yokuta ili m'kati, chiwonjezera ngozi.

Ana obadwa masiku osakwana

Iliponso nthenda ina ya chokutirachi, yotchedwa multiple sclerosis, imene thupi lidya lokha myelin wake. Ipezeka kwambiri ku maiko ozizira, kuno n'njosowa, ndipo ndingoitchula chifukwa kumeneko ndiko madokotala adayamba kuyesa mankhwala okhwimitsa mbande. Mu 2017 ku San Francisco adayesa clemastine, mankhwala akale a ziwengo, ndipo uthenga wa mu mtsempha wa diso udafulumira pang'ono. Phindu lake lidali lochepa, ndipo palibe amene ayenera kukagula mankhwalawa pofuna kuchiza misala.

Imene itikhudza ife pafupi ndi ya makanda. Pakati pa sabata ya 23 ndi ya 32 ya mimba, mbande za mu ubongo wa mwana zili pa msinkhu wanthete koposa. Mwana akabadwa pa nyengo imeneyi, nasowa mpweya wokwanira kapena nagwidwa ndi matenda, mbande zambiri zifa, ndipo zolowa m'malo mwake kawirikawiri zilephera kukhwima. Zotsatira zake tiziona m'midzi mwathu: mwana wouma miyendo, wochedwa kukhala ndi kuyenda, wovutika pa sukulu. Lipoti la mu 2012 la WHO ndi mabungwe anzake lidaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku osakwana, ana 18 mwa 100 alionse. Ndipo chaka chomwecho kafukufuku wa anthu oposa miliyoni imodzi a ku Sweden adaonetsa kuti obadwa sabata 32 zisadakwane adali ndi ngozi yoposa kawiri ya kudzagonekedwa m'chipatala ndi nthenda za mtundu wa schizophrenia atakula. Amayi amene mudabereka ana otere musade nkhawa mopitirira, pakuti ochuluka a iwo akula osadwala.

Njala nayo isiya chipsera chake. Ana amene adali m'mimba pa njala ya ku Holland ya 1944 mpaka 1945, ndi pa njala ya ku China ya 1959 mpaka 1961, adadwala nthendayi pafupifupi kawiri kuposa anzawo obadwa zaka za chakudya. Tidziwanso kuti maselo okuta afuna ayironi wambiri kuposa maselo ena a mu ubongo. Chifukwa chake mayi woyembekezera amene apita ku sikelo msanga, namwa mapiritsi owonjezera magazi, nagona m'masikito, nadya nyemba, nsawawa ndi masamba, akusamala nazale ya mu ubongo wa mwana wake. Azibambo, mtedza ndi soya zimene tilima zochuluka kuno ku Mchinji zisapite zonse kwa mavenda.

Za kumangirira ndi kutsekera

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa phunziroli. Mu 2012 magulu awiri a akatswiri ku America, lina ku Boston lina ku New York, adayesa kuona chimene kukhala wekha kuchita ku ubongo. A ku Boston adapatula ana a mbewa ongoleka kuyamwa, aliyense m'kakhola kake, kwa masabata awiri. Chokutira cha kutsogolo kwa ubongo chidakula chopyapyala, ndipo ngakhale adawabwezera kwa anzawo pambuyo pake, sichidabwerere. A ku New York adapatula mbewa zazikulu kwa masabata 8; nazonso chokutira chidapyapyala, koma zitabwezedwa pakati pa zinzake, ntchito ya maselo okuta idadzukanso. Makolo athu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ndibwereza kuti izi zidaoneka pa mbewa. Komabe ganizani za mnyamata womangidwa unyolo ku mtengo kuseri kwa nyumba, kapena wotsekeredwa m'chigafa miyezi, wopatsidwa nsima pa zenera, wosalankhulidwa ndi munthu. Ngati mbande za mu ubongo zidikira kuitanidwa ndi ntchito ndi kucheza, ife tamuchotsera chimene chikadamuthandiza.

Mchitidwe wotsekera suli wa m'midzi mokha. Malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko lino adatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya ku Zomba, ndipo oyang'anira ake adali asilikali a ndende. Chipatala cha Zomba Mental chidamangidwa m'zaka za m'ma 1950, nyengo yomwe mankhwala oyamba enieni, chlorpromazine, adayamba kuperekedwa ku Paris mu 1952. Yohane wa Mulungu Woyera, amene adamwalira mu 1550, iye mwini adatsekeredwa pamodzi ndi amisala m'chipatala cha ku Granada, nakwapulidwa monga adali kuchitira masiku amenewo, ndipo atatuluka adapereka moyo wake kusamala odwala mwaulemu. Abale a chipani chake adafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero ntchito ya St John of God ili ku Lilongwe komwe. Ku Geel, m'dziko la Belgium, mabanja akhala akulandira odwala misala m'nyumba zawo kwa zaka mazana ambiri, kudya nawo ndi kugwira nawo ntchito, chizolowezi chimene chidayamba ndi aulendo odzapemphera kwa Dimfina Woyera.

Inu aphunzitsi, banja likakuitanani kwa wodwala wotere, pempherani nawo ndithu, koma musalole kuti pemphero lichedwetse ulendo wa ku chipatala. Malamulo a Eklezia salola munthu aliyense kuchita mwambo wotulutsa mizimu yoipa, koma wansembe yekha wololedwa ndi Ambuye Episkopi, ndipo iyenso alamulidwa kuyamba wafufuza bwino ngati si nthenda. Musalolenso kuti atchule munthu ufiti pamaso panu. Mabanja ambiri apasuka, ndi okalamba osalakwa athamangitsidwa, chifukwa cha nthenda imene ili m'maselo. Madokotala aona m'maiko ambiri kuti wodwala amene akhala nthawi yaitali osalandira mankhwala achira movutirapo kuposa wofika msanga. Miyezi yothera kwa asing'anga, uku ndi uko mpaka kuwoloka malire a Mwami, ndi miyezi yotayika.

Poyambira ndi pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena pa chipatala cha boma ku Mchinji. Iwo ndiwo aona ngati wodwala afunika kutumizidwa patsogolo. Apite ndi mbale amene adziwa chiyambi cha matendawo, wotha kunena mwezi umene kusintha kudayamba, ngati adatentha thupi, ngati adagwapo khunyu, ngati asuta chamba, ngati alipo wina pa mtundu adadwalapo chomwechi. Zimenezi asabise chifukwa cha manyazi. Wodwala akakhala wolusa, agwidwe ndi anthu amene iye awakhulupirira, mofatsa, kwa nthawi ya ulendo wokha.

Mankhwala amene alipo, monga chlorpromazine ndi haloperidol, sakonza chokutira chija. Achepetsa mphamvu ya dopamine, madzi ena otumizira uthenga mu ubongo, ndipo potero mawu ndi mantha zizilala. Atenga masabata kuti agwire bwino. Kwa ena abweretsa tulo, kuuma khosi, kunjenjemera manja kapena kutuluka malovu. Zikatero banja lisataye mankhwala, koma libwerere kwa dokotala, pakuti angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera piritsi lochotsa kuumako. Woiwala-iwala kumwa angapemphe jekeseni wa masabata angapo. Ambiri adwalanso chifukwa chosiya mankhwala ataona kuti apeza bwino, makamaka nyengo ya dzinja pamene ndalama ya ulendo isowa. Apa mphakati ungathandize: mmodzi asunge tsiku lokatenga mankhwala, wina abwereke njinga. Ndipo akayamba kupeza bwino, mupatseni mzere wake m'munda ndi malo ake pa mphasa, ayambe ndi ntchito zopepuka monga kusenda mtedza kapena kuthirira dimba pamodzi ndi anzake, ndi kuwonjezera pang'onopang'ono monga mphamvu zake zilola.